Pusi Wagula Laputopu

Makolo athu, amene sanaone kompyuta ngakhale kutulo, anatisiyira mwambi wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndipo ndikayang'ana anyamata ndi asungwana a kuno ku Ulongwe amene adyera kulemba mapulogalamu ndi kumanga mawebusayiti, ndiona kuti akuluakuluwo anali aneneri, pakuti pusi uja sanafe ayi, koma anangotsika mumtengo nakagula laputopu.

Taonani mmene liyendera tsiku la mnyamata wotere. Mmamawa kudza wamalonda wotumiza matumba a mbatatesi ku Tete, nafuna webusayiti yoti ogula azilipira pa M-Pesa, mnyamata avomera. Dzuwa lisanafike paliwombo, kudza wophunzira zaulimi wa ku UniZambeze ndi ziwerengero za chimanga zimene zakana kulongosoka mu Excel, avomeranso. Madzulo atulukira amalume a ku Domwe, amene kwa iwo aliyense wogwira kompyuta ndiye wokonza mafoni, natula foni yosweka galasi, nati, "Mphwanga, tangoiyang'anako, paja iwe ndi zako izi." Popeza malume sakanidwa, foniyo nayonso ilowa pamndandanda.

Tsono usiku, pamene chisanu cha Juni chatsika m'mapiri a Angónia, ndipo anthu a nzeru afunda mabulangete awiriawiri, iye akhala chowerama pampando wopanda chotsamira, nsima itauma pambali, nayamba kuphunzira React asanatsirize Python, chifukwa wamva kuti chatsopanocho ndicho chokoma; kufikira mayunitsi a Credelec atha, mdima ugwa, ndipo akumbukira kuti ntchito ya tsiku lonse sanaisunge pa GitHub. Indetu, pamenepo pamakhala kulira kosatonthozeka.

Choseketsa nchakuti kuchezera kumeneko sikufulumizitsa kanthu, pakuti kachizindikiro kamodzi kamene maso atulo akaika polakwika tambala atalira kale, kadzadya tsiku lonse la mawa pokafunafuna. Chotero munthuyo alemba usiku zimene adzafufuta masana, nadzitcha wakhama. Chosaseketsa ndi ichi: mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kupitirira pa sabata. Kugwa chagada kwa mtundu umenewo kulibe kudzuka.

Chifukwa chake, ana anga, luso loyamba la mmisiri wa mapulogalamu ndilo kunena mwaulemu, manja ali kumbuyo, kuti, "Pepani bambo, mubwere Lachinayi." Gwirani ntchito imodzi kufikira itha, isungeni kawirikawiri magetsi asanakutsanzikeni, ora likakwana nyamukani, muongole msana, muponye maso kutali kumapiri, idyani nsima ikali yotentha, manja ali osamba, kutali ndi mabatani, ndipo tsiku limodzi pa sabata tsekani chipangizocho, pakuti ngakhale Iye amene anamanga zonse, wopanda wina womukonzera zolakwa, anapumula tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Kunena za foni ya amalume, musawabwezere ayi, mungadzasowe wokuimirani paukwati. Ilandireni ndi manja awiri, mawa muipereke mwakachetechete kwa okonza mafoni kumsika, mulipire nokha. Amalume adzakutamandani mudzi wonse kuti mwana wa mlongo wawo ndi katswiri, ndipo inu mudzakhala mutagona tulo tanu tonse.