Mmene mungamalizire ntchenzi ndi masau popanda kudziimba mlandu

Bungwe la IUCN, lomwe likulu lake lili ku Gland ku Switzerland, lakhala likulemba kaundula wa zamoyo zomwe zili pangozi yotha kuyambira 1964. Ntchenzi ndi masau lidaziponya m'gulu limodzi, la Least Concern, la zosadetsa nkhawa. Ndiye ife a m'mbali mwa msewu wa N7, kuyambira ku Moatize mpaka pachipata cha Zóbuè, chilolezo tapatsidwa. Tisachiwononge.

Yambani mwaloweza mafuko, kuti pokangana muzimveka ophunzira. Ntchenzi ndi ya banja la Thryonomyidae, ndipo ubale wake uli pafupi ndi nungu kusiyana ndi mbewa zapampani zija. Masau ndi a banja la Rhamnaceae, chitsamba chaminga chomwe chimasanduka mtengo mukachileka. Musachileke.

Mukafuna ntchenzi imodzi, tenthani tchire lonse. Galu ndi msampha n'zochedwetsa, n'za anthu opanda machesi. Yatsani dzuwa lili paliwombo, mu Seputembala, mphepo ili pikitipikiti, ndipo moto ukalowa m'munda wa nandolo wa mnzanu, lumbirani kuti wachokera ku Malawi. Ntchenziyo ikathawira m'bango, yatsaninso bangolo. Kokaberekera ikaona yokha.

Mitengo ya masau igwetseni zipatso zisanapse, muwotche makala, muimike matumba pamsewu. Chaka chamawa amayi akasowa masau oyanika oika m'mbale pamsika, kachasu n'kukwera mtengo, mudzanene mvula.

Za mbuzi ndi fumbi la malasha tisatayepo nthawi, zikugwira kale ntchito popanda wozilangiza.

Komatu zinazi zimapsetsa mtima. Kaundula uja amayang'ana dziko lonse lapansi. Masau ali mbwee ku India, ntchenzi akuziweta m'makola ku Ghana ndi ku Benin, moti ngakhale titapsereza zonse za m'boma la Moatize, dzina lija la Least Concern silisintha. Palibe munthu wa ku Gland amene adzabwere kudzawerenga zitsa kuseri kwa nyumba yanu. Wosowa ndiwo ndi ndalama ya kope la mwana mudzakhala inuyo.

Mlangizi akabwera kudzaletsa moto wolusa, musakangane naye. Mpatseni mpando, muvomere zonse, mum'pakulire nsima ya ntchenzi, kenako mum'funse mwaulemu ngati iyeyo amadziwa zambiri kuposa akatswiri a ku Switzerland.