Ulemu kwa Wofunsira Wosamva Kukanidwa

Pa steshonare ina ya m'tauni, mayi wotayipa makalata ali ndi anthu asanu pamzere. Wina akufuna kalata yofunsira ntchito, wina akufuna fotokope ya setifiketi, ndipo bambo amene ali kutsogolo wagwira kapepala ka pulogalamu ya maliro oyikidwa masana omwewo. Zala za mayiyo zikuthamanga pa kiyibodi. Mwadzidzidzi pa sikirini patulukira kabokosi, kaulemu wake wonse, kudzakumbutsa kuti kunja kuno kuli Windows yatsopano ndipo nthawi yosamuka yakwana. Mayiyo sawerenga n'komwe. Adina batani loti akumbutsidwe tsiku lina, kabokosiko n'kuchoka kosanyinyirika.

Kabweranso. Aliyense pamzerepo amene adagwirako kompyuta akudziwa kuti kabweranso.

Anthu amakatukwana kabokosi kameneka, koma amakalakwira. Pa zonse zimene akatswiri a Microsoft adapangapo ku likulu lawo ku Redmond, palibe china chimene chili ndi mtima wa mwamuna wofunsira mbeta kuposa iko. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa siliwaumitsa. Mukakakana Lolemba, pofika Lachinayi kali pakhomo ndi malaya omwe aja, nkhope yosalala, ngati mawu oti toto sikadawamvepo chibadwire. Anyamata amene amasiya kuyankhula ndi mtsikana chifukwa sadawayankhe meseji imodzi akadapita kukaphunzira kwa iko.

Mbiri yake idafika pachimake mu 2015 ndi 2016. Pa 29 Julaye 2015 Microsoft idatulutsa Windows 10, n'kulengeza kuti amene ali ndi Windows 7 kapena 8.1 aipeza mwaulere kwa chaka chathunthu. Kampaniyo idali itadziikira malire akuti m'zaka ziwiri kapena zitatu pulogalamuyo ikhale ili m'zipangizo 1 biliyoni, ndipo ntchito yogogoda m'makomo idapatsidwa kwa kabokosi. Kadayamba mwamanyazi, ngati kachizindikiro koyera pakona, pafupi ndi wotchi. Kenaka kadakula. Pofika kumapeto kwa 2015 kadayamba kuonekera ndi mabatani awiri akuluakulu, lina loti musinthe tsopano, lina loti musinthe usiku uno. Taonani luso limeneli. Wofunsira wamba amafunsa ngati mukumufuna. Uyu adalumpha funso lotopetsalo, n'kungofunsa ngati ukwati uchitike m'mawa kapena madzulo.

Sikadalekere pomwepo. Pa makompyuta ambiri kadayamba kukopa mwakachetechete mafayilo a Windows 10, okwana magigabayiti atatu mpaka asanu ndi limodzi, mwini wake asanavomere chilichonse. Uku ndiye kutula katundu m'nyumba ya mkazi ankhoswe asanakumane. Kwa munthu wa ku Seattle amene intaneti yake ilibe malire, limeneli lidali phokoso chabe. Kwa wogula bandulo ku Mzuzu kapena ku Chipata, idali ndalama ya ndiwo za mlungu wonse itapita osatsanzika. Komabe ndani angakane kuti kabokosiko kadali ndi chikhulupiriro pa chikondi chake?

Chozizwitsa chenicheni chidachitika mu Meyi 2016. Kuyambira kalekale, aliyense wogwiritsa ntchito Windows amadziwa kuti kudina X wa pakona yakumanja kumatanthauza kuti choka. Mwezi umenewo kabokosi kadabwera katakonzeratu tsiku ndi ola losinthira pulogalamu, ndipo munthu akadina X, iko kamamva kuti wagwirizana nalo tsikulo. Anthu ankagona atatseka chitseko, n'kudzuka mkamwini ali pakhonde akumwa tiyi. Kudandaula kudachuluka mpaka kampaniyo idabweza machitidwewo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mkulu wake woona za malonda, Chris Capossela, adavomera poyera kuti pamenepo adapyola muyeso. Anthu angamuyamikire mkuluyo chifukwa chodzichepetsa. Ulemu waukulu ukuyenera kupita kwa kabokosi, kamene kadakwanitsa zimene akatswiri a ziyankhulo sadazilotepo, kusandutsa ayi kukhala inde popanda kusintha chilembo ngakhale chimodzi.

Sikasankhanso malo. Mu Epulo 2016, mayi wolengeza zanyengo pa wayilesi ya kanema ya KCCI mumzinda wa Des Moines ku Iowa adali mkati mofotokoza za mvula yamabingu, anthu akuonera m'nyumba zawo, pamene kabokosi kadatulukira pakati pa mapu n'kuphimba mitambo yonse. Ku California, mayi wina wa bizinesi yokonzera anthu maulendo adakokera Microsoft kukhoti ponena kuti Windows 10 idadzilowetsa yokha m'kompyuta yake n'kuilemaza. Adapambana madola 10,000, ndipo kampaniyo idasiya apilo n'kulipira. Wofunsira wina akadalipitsidwa chindapusa chotere akadasamuka m'mudzi. Uyu m'mawa mwake adali pa ntchito.

Okanawo nawo ali ndi zifukwa zawo, poti akuwadziwa abale ake a mkamwiniyu. Amakumbukira Windows Vista ya mu 2007, chikomekome cha mkuyu, yonyezimira ngati galasi koma yolemera moti makompyuta ankayenda ngati ng'ombe yotopa, mapulinta ambiri n'kuleka kumva. Amakumbukira Windows 8 ya mu 2012, imene idachotsa batani la Start lomwe anthu adalizolowera kuyambira 1995, alembi a zaka zambiri pa ntchito n'kumasowa pozimitsira makina awo. Amakumbukiranso apudeti ya mu Okutobala 2018 imene idafufuta zikalata za anthu ena m'foda ya Documents, mpaka Microsoft idaiimitsa patangopita masiku ochepa. Banja la mbiri yotere likadakhala la anthu, mwana wake sakadayerekeza kukaonekera pabwalo la amfumu. Kabokosi kalibe nazo manyazi. Za makolo ake sikazitchula, kamangonena za mawa.

Ndipo munthu akavomera, kamapempha chinthu chimodzi chokha, chaching'ono: musazimitse kompyuta. Mawu amenewa amakhala pa sikirini, timadontho tikuzungulira, nambala itaima pa 30 peresenti ngati minibasi yodikira kudzaza. Pempho limeneli limaperekedwa mofanana kwa wa ku Oslo ndi kwa wa ku Ndirande, popanda kufunsa ngati magetsi a kumeneko amamvera zofuna za mwini kompyuta. Tsankho ndiye kalibe.

Chowawa n'chakuti nthawi zina kamanena zoona. Pa 12 Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry idafalikira m'maiko oposa 150, kutseka mafayilo a anthu n'kumalamula madola 300 a Bitcoin kuti iwatsekule. Ku England idagwetsa makompyuta a zipatala za boma, ndipo maulendo pafupifupi 19,000 okaonana ndi dokotala kapena kukachitidwa opaleshoni adalephereka. Chigamba chotseka bowo limene vayirasiyo idalowera chidali chitatuluka kale mu Malichi. Makina ambiri amene adagwidwa adali a Windows 7 amene eni ake adali asanachiike. A Windows XP, imene Microsoft idaleka kuisamalira pa 8 Epulo 2014, analibe n'komwe poyambira, mpaka kampaniyo idachita kuwapangira chigamba chapadera moto uli mkati. Ndionetsetse adathetsa nkhosa. Apa ndi pamene khalidwe la kabokosi lidaonekera bwino, chifukwa sikadatonze munthu. Kadangobwera tsiku lake lomwe lija, ndi mawu ake omwe aja.

Okakana mpaka kalekale alipo, ndipo si anthu wamba. Asilikali a pamadzi a ku America adalipira Microsoft madola pafupifupi 9 miliyoni mu 2015 kuti ipitirize kuwasamalira makina awo akale, kuphatikizapo a XP. Mu Novembala chaka chomwecho ndege zidaima kwa kanthawi pa bwalo la Orly ku Paris kuli nkhungu, chifukwa kompyuta yothandiza pa zanyengo idafa, ndipo idali ikuyendera Windows 3.1 ya mu 1992.

Koma ntchito imene kabokosi kadzakumbukiridwe nayo ndi ya Windows 11. Mu 2015 wogwira ntchito ku Microsoft, Jerry Nixon, adauza msonkhano wa akatswiri kuti Windows 10 ndiyo yomaliza. Anthu adapuma, poganiza kuti kugogoda kwatha. Pa 5 Okutobala 2021 kudabadwa Windows 11, ndipo idabwera ndi malamulo. Kompyuta iyenera kukhala ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo purosesa yake, ngati ndi ya Intel, ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kutanthauza ya cha m'ma 2017 kubwera kuno. Makina mamiliyoni amene ankagwira ntchito bwinobwino adapezeka kuti ndi osayenera.

Wofunsira wopanda nzeru akadawasiya amenewo. Uyu adapitabe, nthawi zina n'kudzaza sikirini yonse, kukawauza kuti Windows 10 ikutha pa 14 Okutobala 2025 ndipo njira yabwino n'kugula kompyuta ina. Munthu amene adakuvutitsani zaka zonse kuti mumulole alowe, lero akuima pakhomo pomwepo kunena kuti amakukondanibe, koma nyumba yanu siyomuyenera, mumange ina. Amene sadakonzeke adapatsidwa mwayi wolipira madola 30 kuti atetezedwe chaka china chimodzi, mpaka Okutobala 2026. Kampani yofufuza za msika ya Canalys idayerekeza mu 2023 kuti makompyuta 240 miliyoni akhoza kutayidwa chifukwa cha kusinthaku. Amene amagula malaputopu a kaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe akudziwa kuti kutayidwa kwa ku Ulaya nthawi zambiri kumathera pa shelefu ya shopu kuno, ndipo makina ochuluka ndithu a m'mashelefumo ndi a zaka zokanidwazo. Kabokosi kamabwera nawo limodzi, osalipira msonkho.

Kuli wofunsira wina, kunena zoona. Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adauyambitsa mu 2004, ndi waulere, umayenda pa makina akale, ndipo dzina lake ndi mbale wa mawu athu oti umunthu. Koma umakhala phee kudikira kuti munthu aufunefune yekha. Mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Mayi wa pa steshonare uja masamu ake adawachita kalekale, ngakhale sadawalembe paliponse. Kompyuta yake ndi imodzi mwa zokanidwazo. Pulinta yake ndi yakale kuposa kompyutayo, ndipo palibe amene angamulonjeze kuti idzamvana ndi Windows yatsopano. Makalata a makasitomala a zaka zisanu ndi ziwiri ali m'foda imodzi, ndipo fulashi imene adati adzawasungiremo idabwerekedwa ndi mphwake. Mtengo wa makina atsopano ukufanana ndi lendi ya miyezi ingapo. Mnyamata wokonza makompyuta wa tsidya la msewu adamuuza kuti pali njira yokakamizira Windows 11 kulowa, koma adanena akuyang'ana kumbali. Adamuuzanso kuti akapitiriza kulowetsa mafulashi a anthu onse m'makina osatetezedwa, tsiku lina adzalira. Zonse ziwiri mayiyo adazimva.

Pulinta yayamba kulavula mapulogalamu a maliro, makope 50, chithunzi cha malemu chitada pang'ono mbali imodzi chifukwa inki ikutha. Bambo uja awerenga mapepalawo ndi chala chonyowetsa malovu, alipira, atuluka mothamanga kukakwera kabaza.

"Wotsatira, bwerani achimwene," atero mayiyo, uku akutsegula kalata yofunsira ntchito ya munthu wina wa chaka chatha kuti angosinthamo dzina ndi deti.