Kwa eni kulibe kachasu

Nyanja ya Chilwa ikayamba kubwerera m'mbuyo, amuna a kuno timagwidwa ndi matenda a ulendo. Itaphwa mu 1968, makolo athu anasenza maukonde kukasaka madzi kwina. Itaphwanso mu 1995, achimwene athu anayamba kuloweza njira ya ku Joni. Mu 2018, mabwato atangoti mbwee pamatope pa dooko la Kachulu, aliyense anali ndi dziko lake pakamwa. Masiku ano madzi alipo koma matemba ndi amene akuchita manyazi, ndiye pabawo nkhani yatembenukira kwa Aluya: Dubai, Qatar, Saudi Arabia. Akuti kumeneko ndalama amachita kusesa ndi tsache.

Mlangizi wa maulendo amenewa ndine. Palibe anandisankha, ndinangoona mpando uli wopanda munthu. Kutali kumene ndinafikako ndi ku Limbe, pamwamba pa matumba a matemba, ndipo njira yambiri ndinali m'tulo. Koma ndili ndi zinthu ziwiri zimene anzanga alibe: foni ya mwana wanga, imene ndimabwereka mwini wake akagona, ndi alamu anga.

Alamu angawa ndi Msilamu weniweni, wa swala zisanu pa tsiku. Ndi amene timawaitana kudzatichinjira mbuzi paukwati kuti aliyense adye nawo mosakayika. Kwa zaka zambiri akhala akusunga ndalama za mpunga wa ku Likangala kuti tsiku lina akachite Hajj ku Makkah. Nditamva kuti thumba layamba kulemera, ndinavala malaya a Lamulungu n'kupita kukadzipereka.

"Alamu, munthu wamkulu sayenda yekha. Ine ndizikakunyamulirani chikwama, ndizikakulonderani nsapato pakhomo pa mzikiti."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiuza mofatsa kuti mumzinda wa Makkah salowamo munthu yemwe si Msilamu. Pamsewu wochokera ku Jeddah pali zikwangwani, pali apolisi, palinso mphambano pamene anthu a mtundu wanga amakhotera kumbali. Ine dzina langa lili m'kaundula wa tchalitchi, ngakhale abusa amandiona pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Ndinafunsa ngati kofia yobwereka singathandize. Alamu anayamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Sindinataye mtima. Kuyambira mu September 2019 dziko la Saudi Arabia limapereka viza kwa alendo ongofuna kukaona malo, Asilamu ndi ena omwe. Ku Riyadh ndingafike, ku Jeddah ndingakaone nyanja ya eni ake, yomwe akuti siiphwa. Chofunika choyamba ndi pasipoti yoti ikadali ndi moyo miyezi 6 kapena kuposa. Ine chiphaso chimene ndili nacho ndi cha unzika, chomwe chimaona dzuwa nthawi ya makuponi ndi ya mavoti. Mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowa m'makompyuta osindikizira mapasipoti, ndipo ntchito inaima kwa masabata angapo. Dziko lonse linadandaula. Ine ndekha ndinagona tulo tabwino, chifukwa aka kanali koyamba kukhala ndi chifukwa chomveka chosayendera.

Anthu a maiko ena, monga Britain, America, China ndi South Africa, amatenga viza ya ku Saudi pa intaneti ali khale pampando. Dzina la Malawi ndinalisaka pamndandandawo mpaka batire linatha. Ife njira yathu ndi ya mapepala: zithunzi, tikiti yobwererera, umboni wa kokagona, inshuwalansi ya chipatala, ndi kalata ya ku banki yosonyeza kuti uli ndi kanthu. Apa ndiye panandiwawa. Banki yanga ndi banki mkhonde ya mayi akunyumba, ndipo kope lokhalo limene muli mbiri yanga yonse ya zachuma lili kwa mwini golosale, tsamba la ngongole. Kaya a kazembe angalandire limenelo. Ndalama ya kumeneko, riyal, inamangidwa pa dola kalekale: dola imodzi ndi ma riyal 3.75, lero ndi mawa chimodzimodzi. Yathu ija munaiona nokha mu November 2023, itagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi ife tili m'tulo.

Viza ili ngati ukonde: wa matemba suponyera mlamba. Pali ya alendo, ya Umrah (ulendo waung'ono wachipembedzo wa ku Makkah), ya Hajj, ya ntchito, ndipo iliyonse ili ndi malire ake. Sungalowe ndi viza ya alendo n'kuyamba ganyu, sungalowenso nayo m'gulu la Hajj. Ife a kuno tinazolowera kuti mlonda akayang'ana uko iwe umadutsa uku, koma alamu atafika pamenepa anasiya kumwetulira. Pa Hajj ya mu June 2024 kutentha ku Makkah kunaposa madigiri 51, ndipo anthu oposa 1,300 anamwalira. Boma la Saudi linati 83 mwa 100 aliwonse a iwo analibe chilolezo cha Hajj, choncho analibe hema wozizira kapena basi, ankangoyenda padzuwa. Ine amene ndimathawira pansi pa mtengo wa mango October akangoti suzu, ndinangoti zii. Opita ku Hajj ndi Umrah amafunikanso katemera wa matenda oumitsa khosi, wobayitsa kusanatsale masiku 10 kuti afike. Jakisoni ndi ine sitimwerana madzi, koma poti ku Makkah andikana kale, phewa langa lapulumuka.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Ku Saudi kulibe mowa. Sindikunena kuti ndi wodula kapena kuti amatseka msanga ayi. Kulibe. Masese kulibe, kachasu kulibe, ngakhale wa m'botolo wa mabwana uja kulibe, ndipo ndege ikatera, kabotolo kamene wabisa m'sokisi kamasanduka mlandu: chindapusa, ndende, kenaka kukubweza kwanu ndi manyazi. Chiyambi chake ndi ichi. Mu 1951, paphwando ku Jeddah, mwana wa mfumu, Kalonga Mishari, ataledzera anawombera n'kupha Mzungu wa ku ofesi ya kazembe wa Britain, Cyril Ousman. Chaka chotsatira bambo ake, Mfumu Abdulaziz, anatseka mowa dziko lonse. Tangoganizani. Munthu mmodzi kuledzera, mtundu wonse kusiya mowa mpaka lero. Lamulo lotere likanakhala kuno, ndi zimene ndinachita ine pachinkhoswe cha mphwanga, chigawo chonse cha kummwera bwenzi chikumwa thobwa lokha kufikira zidzukulu.

Ndinasangalala pang'ono nditawerenga kuti mu January 2024 ku Riyadh anatsegula shopu imodzi yogulitsa mowa. Nditawerenga mzere wotsatira ndinapeza kuti anatsegulira akazembe omwe si Asilamu. Ndayamba kale kufunsa kuti munthu amalembetsa kuti ukazembe. Pa Kachulu ndayanjanitsapo asodzi olimbirana nkhafi, luso ndili nalo.

Nkhumba musaitchule n'komwe. Kanyenya wa Loweruka pa Jali mudzam'peza pobwera.

Chimene chandisowetsa tulo ndi china, ndipo ndikunong'oneza poti abusa amawerenga nyuzi ino. Munthu wa kunyanja sayenda chimanjamanja. Pali kanthu kosokerera m'kansalu kakuda kamene agogo anandimangira m'chiuno kuti ng'ona ndi mphepo ya pamadzi zizindilambalala. Sindinena kuti ndimakakhulupirira, koma ng'ona sinandigwirepo. Tsono ku Saudi chithumwa si nkhani yoseka. Kuno lamulo la za ufiti la mu 1911 limalanga amene waloza mnzake chala kuti ndi mfiti, ndiye kuti boma lathu limati ufiti kulibe. Kumeneko makhoti amazenga mlandu wa matsenga, ndipo mu December 2011 mayi wina anaphedwa ndi boma atam'peza wolakwa pa mlandu umenewu. Ndiye muone ine pabwalo la ndege ku Jeddah, makina alira, wapolisi wandikweza malaya, wagwira kachingwe kaja, akufunsa m'Chiarabu. Ndiyankha kuti chiyani? Kuti ndi lamba? Nanga mphini zili pamsanazi ndinena kuti ndinagwera pawaya? Langizo langa kwa anzanga a pabawo ndi lakuti mankhwala a mwayi, a chikoka, a mlandu, onse atsale kudenga. Ukakwera ndege ya eni, udalire woyendetsa.

Chimodzimodzi fodya wamkulu uja. Kumeneko ozembetsa mankhwala ozunguza bongo amaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo amaphedwadi. Ife Amalawi tili ndi ulemu woopsa: munthu wosam'dziwa akangoti "achimwene, tanditengerankoni kaphukusika mukapatse m'bale wanga," timalandira ndi manja awiri, mwinanso kuthokoza. Pa Chileka kapena ku Addis Ababa kumene mukasinthire ndege, ulemu umenewo uikeni m'thumba.

Potsegulira alendo mu 2019 muja, a ku Saudi analembanso milandu 19 ya khalidwe la pagulu, uliwonse ndi chindapusa chake. Ndinawerenga ndili chiimire, ndinamaliza nditakhala pansi. Kulavula pamsewu ndi mlandu. Kutaya zinyalala paliponse ndi mlandu. Kuliza nyimbo nthawi ya swala ndi mlandu. Kujambula munthu osam'pempha ndi mlandu. Kudumpha mzere ndi mlandu, chonsecho limeneli ndi luso lokhalo limene ndapindula nalo pamoyo wanga, funsani amene tinakumana pamzere wa feteleza. Wolemba malamulowa sanandionepo, koma wandifotokoza bwino kuposa mayi anga ondibereka. Zovala nazo zizibisa mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe. Akazi achilendo sakakamizidwa kuvala abaya, mkanjo wakuda uja, ndipo mayi akunyumba ndi chitenje chawo ndi duku angadutse opanda wowafunsa. Vuto ndi ine ndi kabudula wanga wa kunyanja, amene kumbuyo kwake kuli mawindo awiri.

Mukapita m'mwezi wa Ramadan, musadye, musamwe, musasute pagulu dzuwa lili m'mwamba. Ndinafunsa alamu kuti munthu angapirire bwanji zotere. Anandikumbutsa kuti iwo amafunga chaka ndi chaka pompano, akukolola mpunga padzuwa lomweli, ine ndikutafuna chinangwa pamaso pawo n'kumawafunsa ngati njala sikuwapweteka. Anandikumbutsanso kuti pa futari ndimakhala woyamba kusamba m'manja. Tinasintha nkhani. Loweruka ndi Lachisanu ndi masiku opuma kumeneko, Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Limeneli lokha silinandidetse nkhawa, poti abusa sangaone kusiyana.

Pali mbali imodzi imene ngakhale ine kuseka kumandithera. Anzanga a pabawo safuna kukaona malo, akufuna ntchito, ndipo ena akufuna kutumiza ana awo aakazi. M'maiko ambiri a kumeneko viza ya ntchito imamangiriridwa kwa bwana amene wakuitana, dongosolo limene amalitcha kafala. Bwanayo akakhala woipa n'kukulanda pasipoti, watsekeredwa. Mu 2024 a BBC Africa Eye anaonetsa za amayi a ku Malawi amene ananamizidwa ndi madobadoba kuti ku Oman kuli ntchito zabwino, n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. Mmalawi wina wokhala ku America, Pililani Mombe Nyoni, ndi amene anawasonkhanitsa pa gulu la WhatsApp mpaka kulira kwawo kunamveka, ndipo boma linawononga madola oposa 160,000 kuti amayi 54 abwerere kwawo. Ndiye munthu akabwera pa Govala ndi nsapato zonyezimira, akuti pasipoti, viza ndi tikiti zonse alipira yekha, inu mungopereka mwana, m'funseni dzina la kampani, m'funseni kalata ya mgwirizano, mupite nayo ku ofesi ya zantchito ku Zomba akaione. Safunsa anadya phula. Akakwiya ndi mafunsowo, mwadziwa kale amene mukulankhula naye.

Zonsezi ndinafotokozera mayi akunyumba madzulo ena akusankha mpunga palichero. Ndinayembekeza kuti alira, agwira mwendo wanga, anena kuti abambo musatisiye. Anamvetsera mwachidwi chimene sindinachionepo chikwatirane.

"Mwati mowa kulibiretu?"

"Ngakhale dontho."

"Bawo ya ndalama?"

"Juga ndi haramu, amamanga."

"Nanga viza ya alendoyo munthu amakhala nayo masiku angati?"

Ndinawauza kuti ina imalola mpaka masiku 90. Anaika lichero pansi, anawerenga pazala, anayang'ana kukhola.

"Abambo, mbuzi ziwiri zija tigulitse. Zotsalazo ndikatapa ku banki mkhonde Lachitatu. Kodi yoposa pamenepo alibe?"