Ndinagula mphika wokazinga ndi mphepo

Ku msika wa Limbe amandidziwa. Sikudzitama ayi, koma mavenda a kaunjika akandiona ndikutulukira chakumtunda amayamba kutsinana, ena n'kubisa majekete abwino pansi pa benchi. Ndine munthu amene ndinanenerera nsapato kuchoka pa K18,000 mpaka K7,500, mwini wake n'kundiwonjezera sokosi ngati basela, n'kundipempha mwaulemu kuti ndisadzabwerenso. Luso langa ndi limodzi. Ndimagwira chinthucho ndi zala ziwiri ngati chandinyansa, kufunsa mtengo, kuseka pang'ono, basi n'kuyamba kuyenda. Ndisanaponye phazi kasanu ndimamva kumbuyo, "Bwerani madala, inuyo muli ndi zingati?"

Ndiye mumvetse manyazi anga pamene ndikuulula kuti katswiri yemweyu anagwetsedwa ndi foni ya m'manja, pakati pa usiku, ali m'masikito, popanda munthu womugwira dzanja.

Unali Novembala wa 2023, ndipo mwezi umenewo palibe amene anauiwala. Pa 9 tinadzuka kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Dola imene tinagona ili cha m'ma K1,180 tinaipeza yakhala pa K1,700, yapinda miyendo. Sopo anakwera, shuga anakwera, mafuta ophikira anakwera mpaka mayi akunyumba anayamba kuwathira mu ndiwo ngati mankhwala a m'maso. Mwezi womwewo iwo anali atatapa ndalama ku banki m'khonde kuti tigule feteleza wa kamunda kathu ku Chiradzulu, ndipo pofuna kundipatsa ulemu ngati mutu wa banja, anandisungitsa ine. Apa ndi pamene iwonso analakwitsa, koma nkhaniyi sindinayerekezebe kuitchula pakhomo.

Sabata ziwiri zitadutsa, mlamu wanga wa ku Joni anatumiza uthenga pa WhatsApp: "Alamu, mawa ndi Black Friday. Kuno zinthu akungotaya."

Lachisanu Loyera ndimalidziwa, timapita kutchalitchi ndipo nyama sitidya. Lachisanu Lakuda ndinayesa ndi tsiku lokumbukira maliro a munthu wamkulu. Mphwanga wina amene timakhala naye, wophunzira kukoleji, amene amayankha funso lililonse ngati akulemba mayeso, ndiye anandimasulira. Akuti ku America ali ndi chikondwerero cha Thanksgiving chimene chimachitika Lachinayi lachinayi la Novembala. Amadya nkhukundembo, kuthokoza, n'kugona. Kukacha amathamangira m'masitolo kukagula za Khirisimasi. Dzina lakudalo akuti analitchukitsa ndi apolisi a mumzinda wa Philadelphia cha m'ma 1960, chifukwa tsikulo misewu inkadzaza moti iwo ankalitemberera. Ndiye kuti poyamba linali dandaulo la apolisi, amalonda n'kulitola, kulipukuta, kulipachika pakhomo la sitolo.

Ife Thanksgiving tilibe, nkhukundembo timangoiona pa chithunzi, koma Lachisanu lokhalo tinalilandira ndi manja awiri, ngati mlendo wofika pa ukwati anthu atadya kale n'kudzipereka kuponya nawo perekaniperekani. Mphwangayo anapitiriza kuti tsikuli linabereka ana. Mu 2005 kunabadwa Cyber Monday la ogula pa intaneti. Ku China a Alibaba anatenga 11 Novembala, tsiku la mbeta ndi osakwatira, n'kulisandutsa la malonda kuyambira 2009. A Amazon nawo mu 2015 anayambitsa lawo, Prime Day. Ndinamuuza kuti zakwana, akagone. Ine ndinangofuna kusuzumira.

Mlamu anali atatumiza kalinki ka sitolo ina ya ku South Africa. Nditakadina, chinatulukira chinthu chakuda chonyezimira, chooneka ngati chipewa cha woyendetsa njinga yamoto. Dzina lake air fryer. Chimakazinga nkhuku, mbatata, nsomba, popanda mafuta. Popanda mafuta! M'mwezi umene botolo la mafuta linkasungidwa kuchipinda limodzi ndi ziphaso za sukulu, mawu amenewa anandilowa ngati uthenga wa chitsitsimutso. Pansi pake panali R1,999, yodulidwa pakhosi ndi mzere wofiira. Pambali pake R999.

Ndinagwiritsa ntchito luso langa. Ndinaseka pang'ono, kuika foni pa mpando, n'kuyenda mpaka pakhomo. Palibe anandiitana. Ndinaima pamenepo ngati mlonda, udzudzu ukundidya m'miyendo. Nditabwerera ndinapeza mtengo uli pomwepo, koma pamwamba pali kawotchi kofiira kakuwerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo pansi alemba kuti zatsala zitatu zokha, komanso kuti anthu ena 47 akuchiyang'ana nthawi yomweyo. Anthu 47! Ndinawaona m'maganizo mwanga, onse onenepa, onse ali ndi makhadi a ku banki m'manja, akulimbirana mphika wanga. Mphindi khumi zapitazo sindinkadziwa kuti chinthuchi chilipo padziko, koma tsopano ndinali wokonzeka kumenyana ndi anthu a ku Soweto chifukwa cha icho.

Venda wa ku Limbe akati "chatsala chomwechi" ndimasuzumira m'thumba lake la saka n'kuona zina zisanu ndi chimodzi. Foni ilibe thumba la saka loti n'kusuzumiramo.

Ndinamuimbira mlamu kuti agule ndi khadi yake. Ndalama ndinatumiza kwa mkulu wina wa ku Bangwe amene m'bale wake ku Joni amapereka marandi, ndipo iyeyo anandiwerengera K110 pa randi imodzi. Mwezi wa Okutobala randi yomweyo inali pansi kwambiri, koma masamu amenewo sindinawafune usiku umenewo. K110,000 inatuluka mu foni mwakachetechete, osatsanzika n'komwe. Ndalama ya pepala imakulira m'manja ukamaipereka, umaiwerenga kawiri, umainyambitira chala. Ya mu foni imangochoka ngati mwana wothawa ntchito ya kumunda.

M'mawa ndinadzuka ndi nkhope ya munthu amene wapha njovu.

"Amayi, usiku uno ndapulumutsa R1,000."

Anasiya kupeta mpunga. "Zili kuti?"

"Chiyani?"

"Ndalama mwapulumutsazo, bambo. Bweretsani, tiphatikize ndi zija, tigule matumba awiri."

Ndinayesa kufotokoza kuti ndalama yopulumutsa siigwirika, imakhala pakati pa mtengo wodulidwa ndi mtengo wosadulidwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa funso limene mpaka lero limandidzutsa usiku: "Nanga R1,999 imeneyo, alipo munthu amene anaperekapo?" Ndinati zimenezo ndi nkhani za bizinesi, sangazimvetse. Anati chabwino, n'kupitiriza kupeta. Mpunga wa tsiku limenelo unapetedwa mwaukali moti sunatsale ndi kamwala ndi kamodzi komwe.

Katundu wa ku Joni sauluka. Amakwera basi, kudutsa Beitbridge, kuwoloka Zimbabwe yense mpaka Nyamapanda, kudutsa mlatho wa Zambezi ku Tete, n'kudzalowa pa Mwanza. Thiransipota anati K25,000, msonkho wa pa boda uli momwemo. Ku Wenela ndinapita kawiri pachabe, ulendo wachitatu ndiye n'kulipeza bokosi, litaphwanyika ngodya imodzi, likununkha anyezi wa munthu wina. Wa kabaza ataona chithunzi pa bokosilo anakweza mtengo, akuti mabwana sanenerera.

Kunyumba ana anaitana anzawo. Mayi akunyumba anakhala pa mpando, manja ali pachifuwa. Ndinatulutsa mphikawo, kuupukuta, kugwira chingwe kuti ndilowetse pakhoma, ndipo apo ndi pamene ndinaphunzira kuti pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, pamene masoketi athu amafuna mano a ngodya ngati a ku Britain. Ndinathamangira kwa amwenye kukagula adaputa, K4,500. Pobwera ndinapeza magetsi azima. Ana a eni ake anadikira mpaka mdima, n'kubalalika akuseka.

Magetsi atayaka mawa lake, nkhuku panalibe, poti ndalama ya nkhuku inali itapita ku adaputa. Tinayesa bonya. Anthu amene anapanga makinawa sanamuganizire bonya. M'kati mwake muli chokupiza champhamvu chimene chimazunguza mpweya wotentha, ndipo bonya wathu anayamba kuuluka m'menemo, phokoso lake ngati matalala pa malata. Titatsegula tinapeza theka lakakamira kudenga, theka lasanduka fumbi. Tinayesa mandasi, anatuluka oti ukhoza kuswera mtedza. Nsima sichiphika. Nyemba sichiphika. Nkhwani sichidziwa. Chinthu chimodzi chimene chinadya mokondwa ndi mayunitsi. Ndinaima pa mita n'kumaona manambala akutsika, ndipo ndinazindikira kuti kawotchi kofiira kaja kanditsatira mpaka kunyumba.

Tsiku lina ndikudutsa mu Limbe ndinachiona chinzake pa windo la sitolo, mtundu womwewo, cha pulagi ya kwathu kuno, K135,000. Ndinawerengera zala: K110,000, kuphatikiza K25,000, kuphatikiza adaputa, kabaza, maulendo atatu a ku Wenela ndi bandulo ya usiku uja. Changa chotchipacho chinali chitadutsa K145,000. Ndinawoloka msewu mofulumira ngati ndaona munthu amene ndili naye ngongole.

Chomaliza chinabwera ndi mlamu mwini wake pa Khirisimasi. Tikudya mpunga, iye akuuza anthu nkhani za ku Joni, anangoti, "Koma alamu, chija mu Okutobala chinali R1,099. Anachikweza sabata yoyamba ya Novembala." Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati ndinamveka wosangalala kwambiri pa foni moti anachita chisoni kundisokoneza. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma sananene kuti wogwira chingwe amakhala mlamu wako. Mu Januwale ananditumiziranso chithunzi, popanda mawu aliwonse: R949, Lachiwiri wamba, popanda kawotchi.

Mphwanga uja, poona kuti ndagwa kale, anabwera kudzandiponda ndi maphunziro. Akuti ku Britain kuli bungwe loona za ogula lotchedwa Which? limene limalondola mitengo miyezi ingapo tsikuli lisanafike ndi pambuyo pake, ndipo chaka ndi chaka limapeza kuti zinthu zochuluka kwambiri zimene amati zatsika pa Black Friday zimapezekanso pa mtengo womwewo kapena wotsikirapo nthawi ina m'chaka. Akuti mayiko a European Union zinawakwana, moti kuyambira 2022 wamalonda akalengeza kuti watsitsa mtengo amayenera kuonetsa mtengo wotsikitsitsa umene chinthucho chinali nawo m'masiku 30 apitawo. Izi zinanditonthoza pang'ono. Ngati azungu eni ake a Lachisanuli anafika popangira lamulo, ndiye kuti ndili ndi anzanga ambiri, ena a madigiri.

Pamenepa ndinayamba kumulemekeza venda wa ku Limbe. Nayenso amayambira kumwamba, K18,000 pa nsapato ya K7,500, ndipo tonse awiri timadziwa kuti mtengo woyambawo ndi moni chabe. Koma iye amandilola kuti nditsitse ndekha, thukuta likutuluka, n'kupita kunyumba ndi nsapato zoti ndaziyesa. Sitolo ya pa intaneti imatchula yokha mtengo wabodzawo, n'kudzinenerera yokha, n'kudzigonjera yokha, ine n'kungopatsidwa ntchito yowomba m'manja ndi kulipira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zotchipa zenizeni ziliko ndithu, ndipo ndinaziona ndi maso. Pafupi nafe pali aphunzitsi ena aakazi amene ankafuna foni kuyambira Ogasiti. Foni imodzi, mtundu umodzi. Loweruka lililonse ankalemba mtengo wake kumbuyo kwa kope la masikimu. Tsiku la Black Friday litafika anayerekeza ndi zimene analemba, n'kupeza kuti pa 40 peresenti imene sitolo inkalalika, yoona inali ngati 10, ndipo anagula, chifukwa 10 yoonayo inawakwanira. Sanagule china chilichonse. Anthu otere ine sindigwirizana nawo. Amachititsa kuti tonsefe tizioneka ngati tinalodzedwa, pamene tinangodzuka tokha pakati pa usiku.

Chimanga cha ku Chiradzulu chaka chimenecho chinatuluka chachikasu, chachifupi ngati mapira odwala. Apongozi anafunsa ngati feteleza anachedwa. Mayi akunyumba anayankha kuti ayi, feteleza anafika bwinobwino, ali pamwamba pa kabati, ndi wamagetsi.

Mphikawo ulipobe. Kwa miyezi ingapo munkakhala mazira, kenako makiyi ndi makadi a kusikelo ya ana. Koma chaka chatha unapeza ntchito yake yeniyeni. Lachinayi lomaliza Black Friday isanafike, titangomaliza kudya, mayi akunyumba anatambasula dzanja. Ndinapereka foni. Anakoka kabasiketi ka mphikawo, kuikamo foni, kutseka, n'kunyamula zonse kupita nazo kuchipinda kwa ana.

"Mudzaitenga Lachiwiri, bambo."

Ndinati Lachisanu ndi tsiku limodzi lokha, Loweruka bwanji?

"Mphwanu anandiuza za Lolemba lija."

Usiku wonse ndinkaimva ikunjenjemera m'menemo, ngati bonya.