Mapanga awiri pa laputopu imodzi

Akuluakulu amene anati mapanga awiri avumbwitsa ankanena za munthu amene mvula yamupeza kuthengo. Waona phanga kumanja, waona lina kumanzere. Walowa ili, mtima ukumuuza kuti lofunda ndi lija. Watuluka, wathamanga, wapeza uko mukudontha, wabwerera. Pomwe mvula ikukata, iye wanyowa kuposa mnzake amene analibe phanga n'limodzi lomwe ndipo anangousa pansi pa msuku. Kwa zaka zambiri mwambiwu unkadyera pa milandu ya mabanja. Tsopano wapeza ganyu ina, chifukwa pa Mzimba boma pafika masikirini oyenda nawo.

Kwa amene simunawaone, zili chonchi. Laputopu ili ndi sikirini yake imene inabadwa nayo, koma mwini wake amaona kuti sikukwana. Ndiye amagula chipangizo china chopyapyala chokhala ndi masikirini awiri. Mtundu wina umapanidwa kumsana kwa laputopu, masikiriniwo n'kumatuluka m'mbali, ina uku ina uku, mpaka anthu amangoti mapiko. Mtundu wina umaima pawokha, sikirini ina pamwamba pa inzake. Makampani monga ASUS ndi Mobile Pixels amapanga zoterezi, kuphatikizapo ena ambirimbiri a ku China amene dzina lawo umaliona kamodzi, pa katoni. Pa zithunzi zotsatsira malonda mumakhala munthu pa tebulo lalikulu, khofi ali pambali, soketi ili pafupi, fumbi kulibe.

Kuno zimabwera kudzera njira imene zinthu zambiri zabwino zimadzera. Ndi midzi yochepa m'boma lino imene ilibe mwana ku Joni, ndipo matransipota amene amabweretsa mafiriji, masofa ndi mabulangete sangalephere kakatoni kamodzi. Achimwene a ku Joni akafunsa kuti "Ndikugulire chiyani cha ntchito yakoyo?" munthu woyendayenda, kaya ndi wa bungwe, wa zaumoyo kapena wowerengera ndalama, amakumbukira mnzake amene anatambasula mapiko pa msonkhano ku Mzuzu anthu onse n'kusiya kumvera wophunzitsa. Apa m'pamene mitambo imayamba kuda.

Tiyambe ndi moto, chifukwa m'pamene pagona mlandu. Masikiriniwa ambiri alibe batire yawo, amadya kwa laputopu. Batire ya laputopu wamba ikakhala yatsopano imasunga ma Wh a pakati pa 40 ndi 60, ndipo sikirini iliyonse yowonjezera imakoka mawati a pakati pa 5 ndi 10, malinga ndi kukula kwake ndi mmene mwaiwalitsira. Pa ntchito yopepuka ngati kulemba, laputopuyo payokha imadya mawati osasiyana kwenikweni ndi amenewa. Ndi mitala imeneyi: nyumba zitatu, nkhokwe imodzi. Tsono nkhokwe zathu zambiri n'zogula kwa ena, zinadyedwa kale ndi anankafumbwe ku Ulaya zisanakwere sitima. Batire imene inkakufikitsani nkhomaliro idzakusiyani tiyi asanazizire, ndipo mukakhala ku Khosolo kapena ku Mabiri simungangotembenuka n'kupeza soketi yamoyo. Choncho funsani ngati chipangizocho chili ndi bowo lake lolandirira moto padera. Chikakhala nalo, power bank ya 20,000 mAh, yomwe ndi pafupifupi ma Wh 74, ikhoza kudyetsa nyumba zing'onozing'onozo, nkhokwe yaikulu n'kupumako.

Kenako mabowo. Apa ndi pamene anthu ophunzira bwino amachitira manyazi pagulu. Mabowo a USB-C amafanana nkhope, koma si onse amene amatulutsa chithunzi. Lofunika ndi lija lokhala ndi DisplayPort Alt Mode kapena Thunderbolt, ndipo laputopu zambiri zakale kapena zotsika mtengo zilibe. Mukalumikiza pa bowo lolakwika, sikirini imayaka, n'kukuuzani mwaulemu kuti siikulandira kanthu. Njira ina ndi HDMI, koma HDMI siinyamula moto woyendetsa sikirini, ndiye pafunika chingwe chachiwiri. Masikirini awiri, zingwe zikhoza kufika zinayi, pamene laputopu yanu ili ndi bowo la HDMI limodzi. Nawo a MacBook asanyade. MacBook Air ya M1, imene inatuluka mu 2020, imalola sikirini imodzi yokha yakunja yoonetsa zakezake, pokhapokha chipangizocho chikhale chogwira ndi pulogalamu yapadera monga DisplayLink. Munthu amalipira awiri n'kumaona chimodzimodzi kawiri.

Za malo ndiye musanene. Sikirini ya mainchesi 14 ndi yotambalala masentimita opitirira pang'ono 30. Zitatu zikandandalikana zatsala pang'ono kukwana mita. Tebulo la m'resitihausi, lija lokhala kale ndi jagi ya madzi, kandulo ndi Baibulo, silinapangidwire zimenezo. M'minibasi yochokera pa boma kupita ku Jenda, mmene chigongono chanu chili m'nthiti mwa mayi wonyamula dengu la tomato, kutambasula phiko limodzi kokha ndi kupalamula. Kondakitala adzaliyang'ana n'kunena kuti, "Bwana, ameneyo alipiranso." Ndipo sadzakhala akulakwa.

Kulemera kwa chipangizochi nthawi zambiri kumafika kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri, kuposa laputopu zina. Zija zopanidwa kumsana zimalemetsa mahinji a laputopu, amene anawapangira kunyamula sikirini imodzi. Onjezani kabaza wa njinga yamoto pa misewu ya fumbi ya kumidzi ya ku Embangweni ndi Edingeni, chikwama chikudumpha kumsana. Galasi lopyapyala silikonda ulendo wotero. Ngati lilibe chikwama cholimba, mudzafika ndi mapu a mitsinje pa sikirini.

Za dzuwa ndingodutsapo. Kuwala kwa sikirini amakuyeza ndi ma nits, ndipo zambiri zoyenda nazo zili pa 250 kapena 300. M'nyumba n'zokwana. Pansi pa mtengo mu Okutobala, makamaka galasi likakhala lonyezimira, chimene mudzaone ndi nkhope yanu, katatu. Sankhani losanyezimira.

Koma tinene kuti zonsezi zatheka. Moto ulipo, zingwe zagwirizana, tebulo mwabwereka kwa ahedi. Mwatambasula. Ana a m'mudzi adzaza pa zenera poganiza kuti kwabwera kanema, ndipo mkulu wina wakupatsani monire wake n'kufunsa ngati mpira uonekenso. Funso lawo ndi labwino kuposa mmene akudziwira. Pitani kumbuyo kwa munthu wa masikirini atatu muone. Pakati pali lipoti la kwa bwana, lili pa tsamba loyamba. Kumanzere kuli WhatsApp, gulu la a kumpingo, la anzake a kusekondale ndi la maliro. Kumanja kuli zigoli za Bullets ndi Wanderers, kapena za Arsenal kwa odwala matenda amenewo. Khosi likuyenda uku ndi uku. Walemba mzere umodzi, wathamangira kumanzere poti kwalira kanthu, wabwerera, waiwala pamene anali, wasuzumira kumanja. Bwana anati lipoti lifike 5 koloko isanakwane. Imeneyo ndiye mvula, ndipo siidikira kuti munthu asankhe phanga.

Wina anganene kuti m'busa Donald Fraser, amene anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, analemba mabuku angapo alibe sikirini n'imodzi yomwe. N'zoona, koma tisamunamizire kuti ndi mnzathu. Iye analibe bwana ku Lilongwe wofuna manambala a zipatala zonse mu Excel lero lomwe. Munthu amene amakopera manambala kuchoka mu fomu ina kupita mu ina amadziwa kuwawa kwa kutsegula ndi kutseka mawindo tsiku lonse pa kasikirini kamodzi. Kwa iyeyo sikirini yachiwiri ndi khasu lenileni, ndipo sindingamuseke. Amadziwa chimene chidzakhale kumanja ndi chimene chidzakhale kumanzere asanagule n'komwe. Ine ndimaseka amene ukamufunsa kuti yachitatuyo ndi ya chiyani amayankha kuti, "Tiona konko."

Kwa woyenda kum'mwera kwa Mzimba, maganizo anga ndi akuti sikirini imodzi yowonjezera ndi yokwana. Ikhale ya mainchesi 14 kapena 15.6, ya 1920 x 1080, yosafika kilogalamu, yoima payokha, yolandira USB-C ndi HDMI yomwe. Lisiti yake muziyenda nayo, poti pa Jenda pali chipata cha apolisi ndipo katundu wonyezimira amaitana mafunso. Musanatumize uthenga ku Joni, jambulani mabowo a laputopu yanu ndi nambala yake ya pansi, kuti wogulitsa aone yekha ngati zigwirizane. Ndalama yotsala ipite ku power bank. Achimwenewo adzadandaula ndithu kuti mwasankha kakang'ono, chifukwa iwo amafuna chija cha mapiko awiri, choti mukachiika pa status mudzi wonse udziwe kuti ku Johannesburg zikuyenda.