Ekizozi ya Pikiapu Yakale: Mlaliki wa Misewu ya ku Mangochi

Ekizozi ndi paipi yachitsulo imene imatenga utsi mu injini, n'kuudutsitsa kunsi kwa galimoto mpaka kukautaya kumbuyo. Pa ziwalo zonse za pikiapu yadizilo, iyi ndiyo imakhala pansi penipeni, ndiyo imadya fumbi lambiri, ndipo sisamba. Mnyamata wotsuka galimoto amapukuta magalasi, amapaka matayala polishi, koma ekizozi saiyang'ana n'komwe. Chikhalirecho m'boma la Mangochi, kumene ma Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Mazda B2500 a m'zaka za m'ma 1990 ndi koyambirira kwa m'ma 2000 akadanyamulabe anthu ndi usipa, palibe chiwalo china chotumikira anthu ochuluka chotere. Mpando umakomera wokhalapo yekha, wailesi imakomera dalaivala. Ekizozi siyang'ana nkhope: imafikira wokwera, woyenda pansi, wa kabaza, ngakhalenso gogo amene wadzitsekera m'nyumba mwake.

Ulendo wa utsi umayambira pa manifold, chitsulo chokhuthala chomangidwa ndi mabawuti pambali pa injini, chimene chimasonkhanitsa utsi wa m'masilinda onse anayi. Kuchoka apo utsi umalowa mu turbo. Mmenemo muli timawilo tiwiri tamapiko tolumikizidwa ndi kamtengo kamodzi kachitsulo. Utsi ukamatuluka mwaukali umazunguza kawilo koyamba, ndipo kachiwiri kamakankhira mpweya wabwino mu injini kuti dizilo apse wambiri. Timawilo timeneti timatha kuzungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi. Rudolf Diesel anayendetsa injini yake bwinobwino mu 1897, ndipo Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa nzeru ya turbo mu 1905. Mabuku amatamanda akuluakulu awiriwa, koma onse anasiya funso limodzi m'manja mwa ekizozi: utsi ukamaliza ntchito, uzipita kuti? Kuseri kwa turbo kuli paipi yotsetsereka, kenako kachigawo kofewa kamene kamalola injini kunjenjemera popanda kuthyola paipi, kenako sailensa yozimitsa phokoso, ndipo pomaliza mchira.

Ntchito yake si yamasewera. Injini ya malita 2.5 ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imameza mpweya wokwana malita pafupifupi 3,750 pa mphindi iliyonse, turbo isanawonjezerepo wake. Mpweya wonsewo umayenera kutuluka, ndipo umatuluka utafufuma ndi kutentha. Pikiapu ikamakwera zitunda za ku Chowe polowera ku Namwera ndi ku Chiponde, itasenza matumba ndi anthu pamwamba pa matumbawo, utsi wa pafupi ndi turbo umatha kupitirira madigiri 600. Dalaivala amapukuta thukuta n'kumadandaula za dzuwa la Okutobala. Ekizozi, imene ili pamoto weniweni, sipempha madzi.

Adani ake ndi ambiri. Woyamba ndi dzimbiri, limene limaidya kuchokera mkati. Dizilo akapsa amatulutsa nthunzi, ndipo galimoto ikazimitsidwa nthunziyo imasanduka madzi amene amasakanikirana ndi salufa wa m'mafuta n'kukhala asidi. Wachiwiri ndi msewu. Wa ku Makanjira, umene anthu a kumeneko akhala akuudandaula kwa zaka zambiri, umadziwa kugwedeza bawuti iliyonse mpaka itamasuka. Nthawi ya dzinja paipi yotentha imamizidwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira a pa khwawa, ndipo chitsulo chimang'aluka. Chilimwe ndi mchenga wa kumadoko ndi miyala. Mphira zoikolekera zikaduka, imapachikidwa ndi waya. Ikabooka, imavekedwa chitini cha penti chong'ambidwa pakati, chokulungidwa ndi waya yemweyo. Mabala onsewa imawanyamula mobisa, kunsi kumene anthu aulemu wawo sasuzumira.

Ulemerero wake woyamba ndi mawu. Galimoto za matola zilibe ndandanda ya nthawi yolembedwa, ndipo siziifuna. Mayi wogula usipa ku Msaka kapena ku Malembo amadziwa kuti galimoto ikubwera idakali kuseri kwa phiri, ndipo amakhala ndi mpata womanga dengu, kubereka mwana ndi kutsazika. Amene ali ndi khutu amasiyanitsa pikiapu ndi inzake: ina imakhosomola, ina imabangula, ina imaliza likhweru pa gasiketi yopsa. Tambala amalira m'mudzi mwake mokha, koma ekizozi yobooka imadzutsa midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa M10, kuyambira pa boma kudutsa pa Makawa mpaka ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita opitirira 60, popanda kufunsa ngati anthuwo anali ndi ulendo.

Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pambali pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria imene inamangidwa mu 1903, pali mfuti yaikulu yochokera pa sitima ya Guendolen. Sitimayi ndi imene inaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914. Nayonso mfutiyo ndi paipi yachitsulo yotulutsa utsi ndi phokoso. Inakhala chete kalekale, koma ili pa malo aulemu ndipo alendo amaijambula. Paipi imene imalankhula tsiku lililonse pa mlatho womwewo ilibe chipilala.

Ulemerero wachiwiri, umene uli waukulu koposa, ndi chilungamo. Wogulitsa galimoto anganame za makilomita, penti ingabise ngozi yakale, ndipo singano za pa dashibodi zambiri zinafa. Ekizozi sinama. Utsi wakuda umaulula kuti dizilo akulowa wambiri kuposa mpweya: fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, manozo atha ndipo akudontheza mafuta m'malo mowapopera, kapena paipi ya mpweya wa turbo yang'ambika. Utsi wabuluu umaulula kuti injini ikumwa oilo, mwina chifukwa malingi a mapisitoni atha, mwina chifukwa turbo ikuchucha. Utsi woyera wa m'mawa, injini ili yozizira, nthawi zambiri ndi dizilo wosapsa bwino. Koma woyera wosaleka, madzi a mu rediyeta akuchepa, ndi uthenga wa maliro: gasiketi ya mutu wa injini yapsa, kapena mutu womwewo wang'aluka. Ngakhale dizilo wa m'zigubu, wogulidwa pa nthawi ya mizere ku mafilingi siteshoni, akakhala wosakaniza ndi parafini kapena madzi, woyamba kumuneneza ndi ekizozi. Mwini galimoto akabisa matenda kunyumba, iyo imakawalengeza pamsika.

Mtumiki wotere amayenera kukwezedwa, ndipo eni galimoto ena amachitadi zimenezo. Maganizo ake ndi olondola. Turbo imazungulira chifukwa cha kusiyana kwa mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, choncho njira yotulukira ikakhala yopanikiza, turbo imachita ulesi ndipo kutentha kumaunjikana mu injini. Sailensa ya zaka makumi awiri, yodzaza mwaye ndi zidutswa za dzimbiri, imatsamwitsa injini. Mankhwala ake ndi paipi yotakasuka. Kukula kwa bowo sikuyenda ngati mmene diso limaonera: paipi ya mainchesi 3 ili ndi njira yoposa kawiri ya paipi ya mainchesi 2. Pa injini ya malita 2.5 kapena 2.8 imene sinasinthidwe kalikonse, mainchesi awiri ndi theka amakwana bwino. Kupitirira apo, chimene chimawonjezereka kwambiri ndi ulemu wa mwini wake pa siteji.

Mwambo wokweza umachitikira kwa wowotcherera, pansi pa mtengo wa mango kapena kuseri kwa golosale, tsiku limene magetsi a ESCOM alipo. Galimoto imakwezedwa tayala limodzi pa chitsa. Mmisiri amayala katoni, n'kulowa chagada. Mabawuti a pa turbo, amene apsa ndi kuzizira kwa zaka zambiri, samasuka ndi sipana yokha. Amathiridwa oilo, amatenthedwa, amanyengereredwa, ndipo imodzi ikadukira mkati tsiku lonse lapita. Paipi yatsopano imatha kuchokera ku sitolo, kwa ogulitsa zipangizo zakale ku Ndirande, kapena pa mjigo umene unafa. Ya pa mjigo ndi yolemera, ndipo ikawotchereredwa imatulutsa utsi woyera wa zinki umene umadwalitsa mmisiri mutu ndi chifuwa, koma dzimbiri imalipirira.

Luso lenileni lili popinda. Paipi ikapindidwa mwachisawawa imaphwatalala pa ngodya, ndipo bowo lalikulu lija limabwerera mwakale. Mafakitale ali ndi makina olowetsa chitsulo mkati mwa paipi kuti isafinyike. Mmisiri wa kunyanja ali ndi mchenga. Amaudzaza m'paipi mpaka kuthina, amatseka mbali zonse ziwiri, amatenthetsa pofuna kupindapo mpaka pafiire, n'kukoka pang'onopang'ono pakati pa nthambi ziwiri za mtengo. Mchengawo umayenera kukhala wouma gwa, chifukwa wonyowa umatulutsa nthunzi imene ingaphulitse chotsekera. Mmisiri wosamala amachotsanso waya wa batire asanayatse makina, ndipo amaonetsetsa kuti paipi yadutsa kutali ndi thanki ndi timapaipi ta mabuleki. Kenako pamabwera funso limene limagamula tsogolo la tulo ta anthu: "Bwana, sailensa tibwezerepo?" Yankho lodziwika ndi lakuti, "Ayi achimwene, ingowongolani, izipuma bwino."

Ikatero imapumadi. Turbo imayamba kukoka msanga, kutentha kumatsikako, ndipo likhweru lake limamveka mpaka kutsidya kwa Shire. Mphamvu imene imawonjezereka ndi yochepa, koma phokoso limakulitsa chikhulupiriro, ndipo dalaivala amalumbira kuti galimoto yabadwanso. Apa ndi pamene ena amapempha makaniko kuti apotokoleko kasikuluwu ka pa pampu ya dizilo. Mafuta amachuluka, utsi umada bii, ndipo kutentha kumene paipi yatsopano inachotsa kumabwerera kowirikiza. Injini za Toyota za 2L-T ndi 1KZ-TE zimadziwika ndi kung'aluka mutu zikatenthedwa mopitiriza. Pa nkhani imeneyi ekizozi ilibe mlandu. Imakhala itachenjeza ndi utsi wakuda pa chitunda chilichonse, koma chenjezo lake limatulukira kumbuyo, pomwe dalaivala amayang'ana kutsogolo.

Amene amalandira chenjezolo mokwanira ndi okwera kumbuyo. Paipi yabwino imayenera kufika kuseri kwa tayala lakumbuyo n'kuloza kunja. Koma chitsulo chimagulidwa pa mita, ndipo ndalama zikathera panjira, paipi nayo imathera pansi pa bodi. Galimoto ikamathamanga, mphepo ya kumbuyo kwake imazungulira n'kubwezera utsi pa anthu ndi katundu. Motero ekizozi imagawa mosakondera: mkanjo woyera wa Lachisanu, yunifolomu ya mwana wa sukulu ndi chitenje chatsopano zimafika zili ndi mtundu umodzi. Usipa wowuma umalandira kafungo kena kaulere. Mu Juni 2012, bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. M'gulu limeneli mulinso fodya ndi asbestos. Ndi zinthu zochepa za m'boma la Mangochi zimene zinafikapo pa mlingo wa dziko lonse wotere. Mayi amene wafunditsa khanda lake nsalu kumaso, ali pa thumba la chimanga pafupi ndi tayala, sanawerenge lipoti limenelo, koma mfundo yake anaipeza yekha.

Boma nalo limaizindikira ekizozi, ngakhale mwa apo ndi apo. Malamulo a pamsewu amafuna kuti galimoto ikhale ndi sailensa yogwira ntchito ndiponso isatulutse utsi wopitirira muyezo, ndipo pikiapu siloledwa kunyamula anthu olipira. Mu 2019 kunabwera msonkho wa utsi wa galimoto, umene unkawerengedwa potengera kukula kwa injini. Pikiapu yosamalidwa bwino ndi inzake yofuka ngati uvuni wa njerwa zinkalipira mofanana, ndipo ekizozi imene inagwira ntchito yoposa zinzake sinalandire ulemu wapadera. Pa rodibuloko dalaivala wodziwa ntchito amachotsa phazi pa mafuta adakali patali, galimoto n'kufika ikunong'ona, ndipo imayambiranso ulaliki ikangodutsa migolo.

Paipi yakale imene yachotsedwa sitayidwa. Zigawo zolimba zimadulidwa n'kukhala zigamba za ekizozi zina, zogwirira za wilibala kapena miyendo ya benchi ya pa chiwaya cha tchipisi. Zotsala zimapita kwa ogula zitsulo zakutha, amene amalipira pa kilogalamu, ndipo popeza dzimbiri linadya kale gawo lake, mtengo wake umakhala wochepa. Sailensa yokha ndiyo imasungidwa bwino, pa denga la galaja kapena kuseri kwa nyumba. Eni galimoto ena amaibwezera pamalo pake kutatsala tsiku limodzi kuti akayezetse galimoto ndi kutenga chiphaso cha COF, ndipo amaichotsanso chiphasocho chikangomatidwa pa galasi.