Ulemu kwa Chimera, Bwana Woiwalika wa ku England

Olemba mbiri ya England amakonda mafumu, mabishopu ndi akazembe a nkhondo. Koma munthu akafukula mabuku akale a maparishi, momwe akulu a mpingo ankalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, amakumana ndi bwana wina amene sanavalepo chisoti chachifumu: chimera. Ndi chomwechi chimene amayi amayanika pamphasa pokonzekera thobwa, kungoti cha kumeneko n'cha barele osati chimanga kapena mawere.

Kabadwidwe kake n'kachinyengo chokhachokha. Barele amamuviika m'madzi masiku awiri kapena atatu mpaka akhulupirire kuti nyengo yomera yakwana. Kenako amamuyala pansi m'chinyumba chachitali cha timazenera ting'onoting'ono, iye osadziwa kanthu n'kuyamba kutulutsa timizu. Akangoti tsopano ndikule, amamuwola n'kukamuumitsa pamoto. Wafa, koma wasiya chuma: kumera kuja kwadzutsa mphamvu imene idzasandutse ufa wa m'kati mwake kukhala shuga m'manja mwa wofulula mowa.

Monga bwana weniweni, chimera sichilola wantchito kugona. Mulu ukasiyidwa umatentha, mizu n'kulukanalukana, chuku n'kulowa. Ndiye amuna ankautembenuza ndi mafosholo amtengo m'mawa ndi usiku, Lamulungu lomwe, kwa masabata pafupifupi awiri, fumbi lili kobo m'chifuwa. Bwanayu amadananso ndi kutentha, choncho ntchito inkagwiridwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Meyi. Anyamata a m'minda ya ku Suffolk ndi Norfolk akatha kukolola ankakwera sitima kupita ku Burton upon Trent kukamutumikira nyengo yonse yachisanu. George Ewart Evans, amene anacheza ndi ena mwa iwo atakalamba, analemba mu 1970 kuti pobwerera ankagula suti yatsopano ndi mphatso yakunyumba: tipoti. Miyezi yonseyo kuthyokera msana mowa, n'kubwera ndi chomwera tiyi!

Pa zachipembedzo, chimera chinali mkhristu wopereka kuposa ambiri. M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 akulu a mpingo ankasonkhetsa chimera kwa akhristu, n'kufulula mowa wogulitsa pachikondwerero cha parishi, makamaka pa Pentekoste. Phindu lake linkakonzera denga la tchalitchi, mabelu, ndi kuthandiza osauka. Philip Stubbes, wa gulu la Puritan, anadzudzula mwambowu mwaukali mu 1583, ndipo m'kupita kwa nthawi unazilala. Komatu palibe anamva kuti denga linadontha chifukwa choti ndalama yake inkanunkha mowa.

Bwana wopanda omumenyera nkhondo si bwana. Tauni ya Ware ku Hertfordshire inalemera potumiza chimera ku London, ndipo poyamba chinkayenda pamsewu, pa akavalo ndi ngolo, kudzera ku Enfield. Mtsinje wa Lea utakonzedwa m'ma 1570, mabwato anayamba kunyamula katundu yemweyo motchipa. Onyamula a ku Enfield anaona kuti mphika wawo ukuphulidwa. Mu 1581 anagumula magombe a mtsinje ndi kuyesa kutentha chitseko cha madzi cha ku Waltham. Mkanganowo unatha zaka, mpaka khoti la Star Chamber linagamula mokomera amabwato mu 1594. Chimera chofiirira cha ku Ware, choumitsidwa pamoto wa nkhuni, ndicho pambuyo pake chinapatsa mtundu ndi kakomedwe mowa wakuda wa porter umene unakondweretsa London.

Boma nalo silinachedwe kuzindikira ulemerero wake. Mu 1697, nkhondo ya Mfumu William III ndi France itaumitsa thumba, anaika msonkho pa chimera, ndipo unakhalapo mpaka 1880 pomwe nduna yaikulu Gladstone anausamutsira pa mowa weniweniwo. Pa zaka 183 zimenezo chimera chinali ndi mlonda wakewake wolipidwa ndi boma. Mwini nyumba ya chimera sankaloledwa kuthira madzi pa barele wake yemwe asanadziwitse wamsonkho. Lamulo linkati barele akhale m'madzi maola osachepera 40, kuti afufume mokwanira, kenako wamsonkho abwere ndi ndodo yake ayeze mulu, popeza msonkho unkawerengedwa pa kukula kwa muluwo. Ochenjera ankaupondaponda kuti uoneke wochepa, ndipo kupondako kunasanduka mlandu wa chindapusa. Ndi nduna iti imene inatetezedwapo chotere, kuti ngakhale kuiponda chala ukalipire kukhoti?

Wolemba wina, William Cobbett, analira kuti msonkhowu walanda anthu osauka mwambo wodzifululira mowa pakhomo n'kuwaponya m'tiyi, chakumwa chimene iye ankachinyoza kotheratu. Anyamata a tipoti aja akanamuliza kwambiri.

Makina akuluakulu atabwera, nyumba zachikale za chimera zinatsekedwa imodziimodzi. Ya ku Warminster, yomangidwa mu 1855, ndi imodzi mwa zochepa zimene zikuyalabe barele pansi. Ku Ware, pafupi ndi tchalitchi cha St Mary, kuli chiboliboli cha munthu wa chimera atatsamira fosholo yake, mphaka ali pamapazi pake, chifukwa makoswe nawo ankamukonda bwanayu mopitirira muyeso.

Koma ana a bwanayu ndiwo anapita patali. Newson Garrett, mwini nyumba za chimera za ku Snape ku Suffolk, anaphunzitsa ana ake aakazi ndi chuma cha malonda akewo. Mmodzi, Elizabeth Garrett Anderson, mu 1865 anakhala mkazi woyamba kupeza chiphaso cha udokotala ku Britain poyera ngati mkazi. Mng'ono wake Millicent Fawcett anatsogolera nkhondo yoti akazi azivota. Nyumbazo zinasiya ntchito mu 1965, ndipo wopeka nyimbo Benjamin Britten ndi anzake anasandutsa yaikulu kukhala holo yoimbiramo, imene Mfumukazi Elizabeth II anatsegula mu 1967. Inapsa ndi moto usiku woyamba wa chikondwerero cha nyimbo cha Aldeburgh mu 1969, koma pofika cha 1970 inali itamangidwanso, ndipo Mfumukazi inachita kubweranso kudzaitsegula kachiwiri.